Munthu Wosauka Amange Kuti? Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pacaka ku Limbe



 Ine sindine katswiri wa zomanga kapena wa malamulo ai. Ndine kalaliki wamba wa mu ofesi ina kuno ku Limbe, ndipo ndimakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ku Bangwe. Komiti inandipempha kuti ndikambe zinthu zitatu zimene Khonsolo ya mzinda wathu imagamula: za nyumba, za ndalama zokopera alendo, ndi za citukuko ca m'madera mwathu. Nditalingalira ndapeza kuti zitatuzi ziri pa tsinde limodzi, ndilo funso lakuti, munthu wosauka amange kuti?

Tiyambe takumbuka kumene tacokera. Mishoni ya Blantyre inayambika mu 1876, ndipo tauni yake inakhala ndi khonsolo mu 1895. Limbe inabadwa ndi njanji ndi fodya: sitima inafika m'dera lino mu 1908, kampani ya Imperial Tobacco inamanga fakitale yake, ndipo mu 1909 Limbe inakhala tauni payokha. Matauni awiriwa anaphatikizidwa mu 1956, nakhala mzinda mu 1966. Koma amene anayala misewu yoyamba anaganizira nyumba za Azungu ndi masitolo a Amwenye. Makolo athu ambiri anali kugona kunja kwa malire a tauni, m'midzi monga Ndirande, nalawirira m'mamawa kuyenda pansi kunka ku nchito. Tauni inafuna manja ao, koma siinafunse kumene mitu yao inali kugona.

M'caka ca ufulu, 1964, Boma linakhazikitsa Malawi Housing Corporation. Bungwe limenelo linasamala nyumba za lendi monga za ku Kanjedza, Chitawira ndi Nkolokosa, ndiponso linadula maploti ku Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa, kumene munthu anali kupatsidwa malo opimidwa bwino, namanga yekha monga mwa mphamvu zake. Mu 1992 madera a maplotiwo anaperekedwa m'manja mwa Khonsolo. Koma anthu anaculuka koposa maploti. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 800,264 mu mzinda uno, ndipo ambiri a iwo akhala pa malo osapimidwa. Munthu wotopa ndi lendi sadikira. Amagula malo kwa ali yense wonena kuti ndiye mwini, kungakhale m'mbali mwa phiri kapena m'mphepete mwa mtsinje wa Mudi.

Mtengo wa cizolowezi cimeneci tinaulipira mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kucokera m'phiri la Soche, nakwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 600 anafa, ndipo mazana ena sanapezeke. Mlamu wanga anali ndi nyumba m'phirimo. Malowo anagula kwa munthu wina, wopanda pepala liri lonse, naumba njerwa ndi manja ake zaka zitatu. Iye ndi ana ake anapulumuka, koma nyumba ndi katundu yense zinapita usiku umodzi, ndipo tinakhala anthu khumi m'zipinda zanga ziwiri zija kufikira mvula inatha. Pambuyo pake ndinamva ena alikuti, anafunanji m'phiri? Abale anga, mlamu wanga sanakwere phiri cifukwa cokonda kuona patali. Anakwera cifukwa pansi panalibe malo amene thumba lake likadafikira. Kuuza munthu kuti atsike osamuonetsa potsikira ndiko kumtuma kuti akakwere phiri lina.

Tsopano ndifike pa nkhani ya alendo. Ine sinditsutsa kuti mzinda wathu uli ndi zoonetsa. Tiri ndi Mandala House ya mu 1882, kacisi wa St Michael and All Angels amene anatsirizidwa mu 1891, nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri, phiri la Michiru, ndi okushoni ya fodya kuno ku Limbe. Mlendo akafika amasiya ndalama kwa wophika, wa galimoto ndi wosema ziboliboli, ndipo imeneyo ndi nchito ya ana athu. Koma tidziwe bwino kumene ndalama zimayenda. Msonkho wa alendo umene umaonjezedwa pa bilu ya m'hotela sulowa m'thumba la Khonsolo, umanka ku Boma lalikulu. Khonsolo imadalira msonkho wa nyumba ndi malo, ziphaso za malonda, ndi tikiti imene amai athu amadula mu msika wa Limbe tsiku ndi tsiku. Cotero pamene Khonsolo iganiza zokongoletsa msewu waukulu cifukwa ca alendo, ife tiri ndi ufulu wofunsa kuti ndalama yake yacokera kwa yani, ndipo ngalande ya ku Mbayani idikira kufikira liti.

Ndiponso mlendo sakhala m'dziko lake lokha. Amene amamphikira m'hotela amagona ku Ndirande, namwa madzi a kumeneko. Mu January 2023 sukulu za mu mzinda uno zinacedwa kutsegulidwa cifukwa ca kolera, ndipo mbiri yotere imafika kutali msanga koposa cithunzi ca maluwa a pa mphambano. Mai wanzeru amayamba wasesa m'nyumba, bwalo pambuyo. Madzi abwino, zimbudzi ndi ngalande za m'madera mwathu ndizo ciyambi ca kulandira alendo.

Komatu ndisaloze cala kwa Khonsolo yokha, popeza zala zina zindiloza ine. Kuyambira 2005 kufikira 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala osankhidwa, ndipo tinadandaula kuti tiribe wotilankhulira. Makhansala anabwerera mu 2014. Kodi ndi angati a ife amene anapita kwa khansala wa dera lao, kapena ku komiti ya citukuko, ndi nkhani yolembedwa? Ndi angati amene ali ndi nyumba nalipira msonkho wake pa nthawi yake? Ndi angati amene sanagulepo makala ocokera m'mapiri omwewa? Walira mvula walira matope: tikafuna misewu ndi madzi tivomere kulipira, ndipo tikalipira tikhale ndi pakamwa pofunsira.

Potsiriza ndipempha Bungwe lathu zinthu zitatu. Coyamba, Mlembi alembe maina a mamembala onse okhala m'mbali mwa mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje, kuti tidziwe ciwerengero cathu dzinja lisanafike. Caciwiri, tisankhe nthumwi zitatu zikapereke kalata ku Khonsolo, yopempha maploti opimidwa a mtengo wofikirika, olipira pang'onopang'ono, oyamba kulandira akhale otsika m'phiri. Cacitatu, tipemphe makhansala athu kuti caka ndi caka adzatiwerengere pano ndalama zimene zinalowa ndi kumene zinapita, za alendo ndi za m'madera pamodzi. Mutu umodzi susenza denga. Kalata ya kalaliki mmodzi imagona m'kabati, ndipo ici ndicidziwa bwino popeza makabati ndiyo nchito yanga. Koma kalata yosainidwa ndi Bungwe lonse imayankhidwa.