Phazi Likamaotcha: Phunziro kwa Othamanga ndi Opalasa Njinga

Phunziro lathu la lero la za umoyo likunena za phazi, makamaka mbali ya kutsogolo, pamene zala zimayambira. Tikulankhula ndi inu a kwa Zingalume m'boma la Chadiza, ndiponso ena onse amene mumathamanga pabwalo la sukulu, kapena kupalasa njinga mtunda wautali kupita kusukulu, kuchigayo ndi ku Boma.

Ena a inu munamvapo phazi likuotcha ngati mwaponda phulusa lamoto, kapena ngati m'nsapato mwalowa kamwala, koma pobvula nsapatoyo osapezamo kanthu. Nthawi zina zala ziwiri zimachita dzanzi. Kodi ululu umenewu umachokera kuti?

Phazi limodzi liri ndi mafupa 26. Mwa mafupa amenewa, 5 ndi atali, ndipo anandandalika kuchokera pakati pa phazi kufikira patsinde pa chala chirichonse. M'mipata ya mafupa asanuwa mumadutsa timitsempha ting'onoting'ono. Imeneyi si mitsempha ya magazi ai, koma yonyamula mauthenga: ndiyo imadziwitsa ubongo kuti mwaponda munga kapena mchenga wotentha. Mafupa aja akapanikizana, kamtsempha kamafinyika pakati pao monga chala chopanidwa ndi chitseko. Zikamachitika tsiku ndi tsiku, kamtsemphako kamakhuthala ndipo ululu umakula. Kawirikawiri zimenezi zimachitika pakati pa chala chachitatu ndi chachinai, tikayamba kuwerenga ndi chala chachikulu.

Dokotala wina wa ku Philadelphia ku America, dzina lake Thomas Morton, analemba za nthendayi mu 1876, ndipo madokotala amaichulabe ndi dzina lake. Imagwira akulu koposa ana, makamaka amai obvala nsapato zosongoka ndi zazitali kuchidendene. Komabe mwana nayenso amamva kuotcha ndi dzanzi ngati nsapato yamthina.

Kwa wothamanga, mdani wamkulu ndi nsapato yothina. Phazi la mwana limakula msanga, ndipo nsapato imene inamkwana chaka chatha lero yachepa. Ena amabwereka nsapato ya mnzao pa tsiku la mpikisano osaiyesa n'komwe. Dziwani kuti phazi limatupa pang'ono pothamanga ndiponso kunja kukatentha. Chotero nsapato imene inali bwino m'mawa ikhoza kukupwetekani masana, makamaka bwalo likauma gwa m'mwezi wa Okutobala.

Kwa wopalasa njinga, mdani ndi pedulo. Njinga zambiri za kumudzi mphira wa pedulo unatha kale, ndipo panatsala kachitsulo ka pakati kokha. Munthu akanyamula thumba la chimanga kapena la mtedza, napalasa atabvala patapata, mphamvu yonse ya mwendo imathera pa kachitsulo kameneko, pansi peni-peni pa timitsempha tija.

Tsono tichitenji? Kamtsempha kopanidwa kamafuna malo, ndipo njira zoukapatsira malo ndi izi.

1. Ululu ukayamba, imani. Bvulani nsapato, tambasulani zala ndi manja, ndi kusisita phazi pang'onopang'ono. Mukafika kunyumba, libviikeni m'madzi ozizira kwa mphindi 10 kapena 15.

2. Bvalani nsapato yotakata kutsogolo, yoti zala zizitha kugwedezeka. Pakati pa chala chachitali ndi msonga ya nsapato pazitsala mpata wolingana ndi kukula kwa chala chachikulu cha kudzanja. Zingwe za kufupi ndi zala musamange kolimba.

3. Ikani kansalu kofewa kopinda m'nsapato, kumbuyo pang'ono kwa malo opwetekawo. Musaike pansi peni-peni pa ululu, chifukwa mukatero muonjezera kupanikiza. Kansaluka kamanyamula mafupa aja ndi kuwatalikitsa.

4. Konzetsani pedulo wa njinga, ndipo palasani mutabvala nsapato yolimba pansi. Sendezani phazi patsogolo pang'ono kuti pedulo asakanikize patsinde peni-peni pa zala. Pachitunda, ngati mwanyamula katundu, tsikani ndi kukankha.

5. Pumulani masiku angapo, kenaka muyambenso ndi mtunda waufupi, pa udzu kapena pa nthaka yofewa.

Aphunzitsi, phunziro likatha chitani ichi ndi kalasi lanu. Mwana aliyense aime pa pepala, mnzake alembe mzere kuzungulira phazi lake. Kenaka aike nsapato yake pamwamba pa chithunzicho. Ngati mzere ukuonekera m'mbali mwa nsapato, ndiye kuti nsapatoyo yachepa, ndipo makolo adziwitsidwe. Muonenso kuphazi kwa mwana amene akutsimphina, popeza mwina ndi munga, thekenya kapena chironda chabe. Mwana wodandaula ndi phazi musamkakamize kuthamanga pofuna kuti sukulu ipambane.

Pali nthawi yoti munthu apite kuchipatala msanga: ululu ukapitirira milungu iwiri ngakhale wasintha nsapato, phazi likatupa, kapena akalephera kuliponda. Dzanzi la mapazi onse awiri, kapena chironda chosamva kuwawa, chikhoza kukhala chizindikiro cha nthenda ina monga shuga kapena khate. Yambani ndi chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu. Akaona kuti m'pofunika adzakutumizani ku chipatala cha boma ku Chadiza. Madokotala akhoza kupereka mankhwala, kubaya jekeseni pamalopo, ndipo zikakanika amachotsa mbali yokhuthala ya kamtsemphako. Kutema mphini paphazi sikuchotsa kupanikizako, koma kumangoitana chironda.

Inu ana, ululu wa phazi lanu palibe wina angaumve koma inu nokha. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Musabise poopa kuchotsedwa m'timu. Uzani aphunzitsi kapena makolo anu tsiku lomwelo.

Mafunso oti muyankhe m'makope anu ndi awa. Kodi phazi liri ndi mafupa angati? Ndi pakati pa zala ziti pamene ululuwu umamveka kawirikawiri? Chulani zinthu zitatu zimene wopalasa njinga angachite kuti phazi lake lisaotche.

Tsalani bwino nonse.