Zinthu za Asilikari Zimene Tizipeza M'minda ndi M'mabokosi

Nyengo yososa ndi yogalauza yafika, ndipo makasu ali kalikiliki m'minda. Tsono lero tikambirane za zinthu zina zimene khasu limafukula, ndizo mabatani a mkuwa, mabaji, ndi makoko a zipolopolo za asilikari akale. Zinanso, monga mamendulo, ziri m'mabokosi a makolo athu kumudzi. Musafulumire kuzitaya kapena kuzigulitsa kwa ogula zitsulo, pakuti zambiri ziri ndi malemba otiuza mwini wache ndi nthawi yache.

Poyamba tikumbutsane kumene zinachokera. Gulu la King's African Rifles, limene makolo athu ankalitcha Keyala, linakhazikitsidwa m'chaka cha 1902, ndipo mabataliyoni a 1 ndi 2 anali a dziko lino. Pa 9 September 1914 asilikari amenewa anamenyana ndi Ajeremani ku Karonga, pa nkhondo imene akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya. Pa nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, anyamata athu anafika ku Abyssinia ndi ku Burma. Amene anabwerako anadza ndi katundu wao kumudzi.

Mukapeza mendulo, muyang'ane m'mphepete mwache. Mamendulo a nkhondo yoyamba anadindidwa nambala ya msilikari, udindo wache, dzina lache, ndi gulu lache. Mukaona "Pte." ndiye kuti anali msilikari wamba, "Cpl." ndiye kopolo, ndipo "1/K.A.R." ndiyo bataliyoni yoyamba ya Keyala. Mendulo ya siliva iri ndi mutu wa Mfumu George V, ndipo kuseri kwache kuli munthu wokwera pa kavalo ndi zaka 1914 ndi 1918. Inzache ya mkuwa, ya nsalu yonga utawaleza, ndiyo ya kupambana nkhondo. Ina iri ndi kachitsulo pamwamba kolembedwa "Nyasaland 1915". Imeneyi inapatsidwa kwa amene Boma la Angerezi linawatuma kukathetsa kuukira kwa John Chilembwe. Mbiri yache njowawa, koma nayonso iyenera kusungidwa.

Nyenyezi za nkhondo yachiwiri kawirikawiri ziribe dzina la mwini, koma kutsogolo kwache kunalembedwa mau. "The Africa Star" isonyeza kuti munthuyo anamenya nkhondo kumpoto kwa Africa kapena cha ku Abyssinia, ndipo "The Burma Star" isonyeza kuti anaoloka nyanja kunka ku Burma. Chifukwa chache musalekanitse nyenyezi zotere ndi makalata a mwini wache, makamaka chikalata chimene anampatsa potuluka usilikari. Chikalata chikatayika, nyenyezi itsala yopanda dzina.

Makoko a zipolopolo nawonso ali ndi malemba kunsi kwache. Chilembo chimanena kumene anapangidwa, monga "K" ndiye Kynoch wa ku Birmingham, ndipo manambala amanena chaka. Koma dziwani kuti chimenecho ndi chaka chopangira, si chaka choombera ai. Kachizindikiro konga phazi la nkhuku pa lamba kapena pa chitsulo kasonyeza kuti anali katundu wa Boma la Angerezi.

Apa tcherani khutu bwino. Khoko lopanda kanthu m'kati liribe choopsya. Koma chipolopolo chathunthu kapena bomba, ngakhale lachita dzimbiri zaka zambiri, likhoza kuphulika. Musaligogode ndi khasu, musalinyamule, musaliponye pa moto wa mapesi, ndipo musalole ana kuseweretsa. Zikani ndodo patali pang'ono kuti malowo adziwike, ndipo kauzeni amfumu ndi apolisi tsiku lomwelo.

Posamala zinthu zimenezi musazikweche ndi mchenga kapena phulusa monga mapoto, chifukwa malemba amafufutika. Zipukuteni ndi kansalu kouma. Makalata ndi zithunzi ikani m'chitini chotseka bwino, pamwamba, kuopa chiswe ndi chinyezi. Lembani pa pepala dzina la mwini, mudzi wache, mfumu yache, kapena munda umene munapezamo chinthucho. Ngati malemba akuvutani, pitani nacho ku nyumba yosungiramo zakale ku Chichiri mu Blantyre kapena ku Karonga.

Potsiriza, kumbukirani amtengatenga. Pa nkhondo yoyamba anthu a dziko lino pafupifupi 200,000 anasenza katundu wa asilikari pamutu, ndipo ambiri a iwo sanalandire mendulo konse. Chotsala chao ndi maina ndi nkhani zimene agogo athu anamva kwa makolo ao. Afunseni akali moyo, ndipo mulembe zimene akuuzeni.

Tsalani bwino, alimi anzanga.