Kodi Kukolopa Nkulimbitsa Thupi?



Ambirife mimba zatsogola tsopano, poti tsiku lonse timalithera pampando mu ofesi. Ena mwayamba kuwerengera makalori a chakudya pofuna kuchepetsa thupi, ndipo mwandifunsa kuti: kodi ntchito zapakhomo tiziwerengere ngati masewera olimbitsa thupi?

Yankho langa ndi lakuti inde, koma mosamala. Munthu wolemera makilogalamu 70 akakolopa kwa mphindi 30, thupi lake limagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 120. Botolo limodzi la Coca-Cola la mamililita 300 limabweza onsewo. Ndipo kuti kilogalamu imodzi ya mafuta ichoke m'thupi, pamafunika makalori pafupifupi 7,700. Choncho amene wakolopa chipinda chimodzi nkudzithokoza ndi mandasi awiri akudzinamiza yekha.

Bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kulimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pamlungu. Muyeso wake ndi uwu: ntchito imene ikukutulutsani thukuta ndi kukupumitsani mofulumira, monga kulima, kusinja, kuwaza nkhuni kapena kutchetcha udzu ngati mmene tinkachitira pachilango, iwerengereni. Kutsuka mbale ndi kupukuta tebulo musawerengere.

Makamaka ife abambo, Loweruka tizigwira khasu tokha m'malo motuma wantchito. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi saona digiri ya munthu.