Ulendo wa Ambulansi Umayambira M'mudzi Mwathu



Ambiri mumandidziwa ngati munthu woyankhula za mbewu ndi misika. Lero ndaima pano kuti tikambirane za ambulansi, ndipo ndiyambe ndafotokoza chifukwa chake. Ndikugwira ntchito yaulangizi, bambo wina wa m'kalabu yomwe ndinkayendera adagwa m'munda wa thonje akupopera mankhwala. Ankatuluka thovu kukamwa, thukuta lili kamukamu. Tidataya nthawi kumumwetsa mkaka ndi kusakasaka ng'ombe zokoka ngolo. Tidafika pachipatala chaching'ono patadutsa maola atatu. Adokotala adaimba foni kuboma, koma ambulansi inali itapita kukatenga mayi wodwala kudera lina. Idafika dzuwa litalowa, mnzathuyo atatisiya kale.

Pamaliro tonse tidaloza chala ambulansi. Koma nditakhala pansi ndidaona kuti maola atatu oyamba aja tidawataya ndife eniake. Uthenga wanga lero ndi umenewu: ambulansi si galimoto chabe ayi. Ndi unyolo, ndipo mbali yoyamba ya unyolowo ili m'manja mwathu.

Tiyeni timvetse momwe ntchitoyi imayendera. M'dziko muno zipatala zili pamagawo atatu: zipatala zing'onozing'ono zakumudzi, zipatala za pamaboma, ndi zipatala zikuluzikulu zinayi, zomwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, Zomba, Kamuzu ku Lilongwe ndi Mzuzu. Ambulansi zambiri zimakhala pachipatala cha paboma, m'manja mwa ofesi ya zaumoyo ya khonsolo, ndipo galimoto zochepa zomwezo zimatumikira zipatala zonse za m'bomalo. Kawirikawiri ntchito yake ndi kuchotsa wodwala pachipatala china kupita naye pachipatala china, osati kudzamutenga pakhomo.

Wodwala akafika pachipatala chaching'ono, namwino kapena adokotala amamuyeza, kumupatsa chithandizo choyamba monga dilipi kapena jakisoni, kulemba kalata yomutumizira, kenaka kuimba foni kuboma. Kumeneko amaona kuti mwa odwala onse omwe akudikira, wodwalitsitsa ndi uti, ndipo amatumiza dalaivala. Panjira payenera kukhala namwino woyang'anira kapumidwe ka wodwalayo, kuthamanga kwa magazi ndi dilipi ija. Vuto likakula kuposa mphamvu za chipatala cha paboma, ulendo umapitirira kuchipatala chachikulu. Choncho pakasowa chimodzi mwa izi, kaya foni, mafuta, matayala, dalaivala, namwino kapena mlatho, unyolo wonse waduka.

Mu 1994 akatswiri awiri, Thaddeus ndi Maine, adafotokoza za kuchedwa kutatu komwe kumapha amayi oyembekezera: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo munthu atafika. Mayi amene akutaya magazi ambiri atabereka akhoza kumwalira m'maola awiri okha. Kafukufuku wa boma wa mu 2004 adapeza kuti amayi 984 mwa amayi 100,000 obereka ana amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Pofika 2015-16 chiwerengerochi chidatsika kufika pa 439. Izi zikutiuza kuti imfa zimenezi n'zopeweka.

Njira zochepetsera kuchedwa panjira zidayesedwapo konkuno. Ku Mangochi adaika ambulansi za njinga zamoto pa zipatala zitatu zakutali. Zotsatira zake, zomwe zidasindikizidwa mu 2008, zidaonetsa kuti nthawi yofikitsa mayi kuchipatala cha paboma idachepa ndi maola 2 mpaka 4 ndi theka, ndipo ndalama zogulira galimoto imodzi zikadagula njinga 19. Chinsinsi chake chinali chakuti njinga imagona pomwepo, siichita kuchokera kuboma.

Ku Nsanje nako adayesa ambulansi za njinga zakapalasa, ndipo lipoti la mu 2001 lidatipatsa phunziro lina. Amayi ambiri oyembekezera sankafuna kukwerapo chifukwa sankafuna kuti mudzi wonse udziwe kuti nthawi yawo yakwana. Apa tikuona kuti kubweretsa chipangizo osakambirana ndi eniake n'kungotaya ndalama. Amayi ayenera kukhala patsogolo pokonza dongosolo lililonse.

Nanga ife tichitepo chiyani? Choyamba, kalabu iliyonse ikhale ndi dongosolo la mayendedwe matenda asanagwe. Tidziwiretu mwini ngolo, wakabaza kapena mwini galimoto amene tingamudzutse usiku, ndipo tigwirizane naye mtengo kukadali kowala. Tikagulitsa zokolola, tipatule kangachepe kolowa m'thumba la zangozi. Nambala ya foni ya chipatala chathu ndi ya mlangizi wa zaumoyo zikhale kwa amfumu ndi kwa mlembi wa kalabu.

Chachiwiri, tiphunzire chithandizo choyamba. Munthu akadwala ndi mankhwala opopera, m'vuleni zovala zonyowazo, m'sambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, musamusanzitse, musamumwetse mkaka, ndipo tengani botolo la mankhwalawo kuti adokotala adziwe chomwe akulimbana nacho. Wolumidwa ndi njoka musamutemere mphini kapena kumumanga chingwe cholimba; asayende, munyamuleni. Amayi oyembekezera okhala kutali apite kuchidikiro mvula isanadule njira.

Chachitatu, tifunse mafunso kwa atsogoleri athu. Mu 2001 maiko a mu Africa adalonjeza ku Abuja kuti azipereka 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti ku ntchito zaumoyo. Kuyambira mu 1998 dziko lino lili ndi ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu kudzera m'makhonsolo. Tsono pamisonkhano ya VDC ndi ADC, pamaso pa makhansala ndi aphungu, tifunse mosaopa: boma lathu lili ndi ambulansi zingati zoyenda, ndipo zingati zili pamiyala? Ndalama za mafuta ndi zingati pamwezi? Ndani amaona buku la maulendo a galimotozi? Milatho yopita kuzipatala ikonzedwa liti? Kufunsa si chipongwe. Misonkho yomwe imagula mafutawo ndi yathu.

Pomaliza, tisaiwale madalaivala ndi anamwino omwe amayenda usiku m'matope kuti apulumutse abale athu. Iwo si adani athu. Akamasowa zipangizo, ife ndi amene tiyenera kuwayankhulira.

Mnzathu uja adasiya mkazi, ana anayi ndi thonje losakolola. Ndikupempha kuti pofika msonkhano wamawa, kalabu iliyonse ibwere ndi dzina la munthu wonyamula odwala, nambala za foni, ndi ndalama zoyambira thumba lija.