Mpanda wa Tsabola ndi Khalidwe la Njovu: Maphunziro kwa Alimi a M'malire a Paki ya Kasungu

Maphunziro amene mlangizi wabweretsa pa bwalo la a Gulupu ali ndi cholinga chimodzi chimene pulogalamu imene amagwirira ntchito yamutuma kuti achikwaniritse dzinja lino, ndicho chakuti banja lililonse limene munda wake wayang'anizana ndi malire a Paki ya Kasungu likhale litauzinga ndi mpanda wa tsabola chimanga chisanamasule ngayaye. Nkhani ya njovu zolowa m'minda yakula kuyambira mu 2022, pamene njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Paki ya Liwonde kubwera kuno. Funso loti alimi amatani njovu zikalowa m'munda silitenga nthawi, popeza mayankho ake ndi odziwika kale: kumenya zitini, kukuwa, kusonkha moto, kuunika ndi tochi ndi kuchezera m'misasa. Njira zonsezi zimagwa pa chinthu chimodzi chimene akatswiri a khalidwe la nyama amachitcha kuzolowera, kutanthauza kuti nyama ikamva phokoso kambirimbiri popanda chopweteka chotsatira, imaleka kuliopa.

Kuti mpandawu umveke bwino, m'pofunika kuyamba ndi njovuyo. Kafukufuku amene Cynthia Moss ndi anzake anayamba ku Amboseli, m'dziko la Kenya, mu 1972 waonetsa kuti banja la njovu limakhala la zazikazi ndi ana awo, ndipo limatsogoleredwa ndi yaikazi yokalamba imene imakumbukira njira, madzi ndi malo amene gululo linakumanapo ndi zoopsa, pamene zamphongo zikasinkhuka zimachoka m'banjamo n'kumayenda zokha kapena m'timagulu. Zamphongozi ndizo kawirikawiri zimalimba mtima kuyamba kulowa m'minda, makamaka usiku, ndipo zazing'ono zimaphunzira potsatira zazikulu. Njovu yaikulu ingathe kudya chakudya chofika makilogalamu 150 pa tsiku, choncho munda wa mondokwa ndi maungu umaipatsa pamalo amodzi chimene m'tchire ikanachifunafuna tsiku lonse. Maso ake saona patali, koma chitamba chake chimanunkhiza koposa galu, ndipo mphamvu yomweyo ndiyo kufooka kwake, chifukwa mu tsabola muli mankhwala achilengedwe otchedwa capsaicin, amene amawawa pakamwa pa munthu, ndipo akalowa m'chitamba amaiwotcha njovu mwakuti imabwerera isanafike pa mzere.

Kamangidwe kake sikovuta. Mlimi amazika mitengo mozungulira munda, namanga zingwe zakhonje mizere iwiri, wina pofika m'chifuwa, wina pamwamba pa mutu. Tsabola wouma, wa mphiripiri kapena kambuzi, amasinjidwa mu mtondo wopatulidwira ntchitoyi, wosinjayo atamanga nsalu kumphuno ndiponso ana ali kutali, kenaka ufawo amausakaniza ndi oyilo wakutha wa galimoto kufikira utachita phala lakuda. Phalalo amalipaka pa zingwe ndi pa nsanza zimene amazipachika pakati pa mitengo. Ntchito ya oyiloyo ndi kugwira tsabola kuti asauluke ndi mphepo kapena kukokoloka ndi mvula yoyamba. Tsabola wotsala amapondedwa pamodzi ndi ndowe, n'kuumbidwa ngati njerwa, ndipo zikauma amaziyatsa madzulo kumbali kumene mphepo ikuchokera, kuti utsi upite kumene njovu zimadzera. Njira zimenezi zinayesedwa kwambiri m'chigwa cha Zambezi ku Zimbabwe zisanafalikire m'maiko ena.

Apa ndipo pali machenjezo, chifukwa mipanda yotere inalepherapo, ndipo chinalephera sichinali tsabola. Kumene anthu anapaka kamodzi n'kuiwala, mvula inatsuka zingwe, njovu inadzanunkhiza nsanza zopanda ukali, niphunzira kuti mpandawo ndi chingwe chabe. Ndipo njovu yophunzira zimenezi imavuta kuibweza kuposa imene sinaonepo mpanda. N'chifukwa chake kupaka kuyenera kubwerezedwa pakangopita masabata ochepa, ndiponso mvula yamphamvu ikangogwa. Kwina anthu anadula waya wa mpanda wamagetsi wa paki kukapangira misampha, natsegula okha khomo limene mawa lake ankalidandaula. Choopsa koposa ndi kulimbana ndi njovu imene yalowa kale. Ikatambasula makutu, kutukula mutu ndi kupukusa, ikuchenjeza, ndipo munthu ayenera kubwerera pang'onopang'ono. Koma yaikazi yokhala ndi mwana, yovulazidwa ndi msampha, kapena yamphongo imene ikutuluka madzi m'mbali mwa mutu pa nyengo yake yaukali, nthawi zina sichenjeza n'komwe. Kuigenda, kuitumira agalu, kapena kudutsa m'minda usiku pochokera ku mowa ndi zinthu zimene zatengetsapo miyoyo. Kuipha nakonso si njira, popeza lamulo la nyama zakutchire, monga linakonzedwera mu 2017, limalola chilango chofika zaka 30 m'ndende.

Mlangizi asanamalize mawu amenewa, bambo wina wachikulire, amene mawu ake akumveka mpaka kuseri kwa bwalo, akupempha mwayi kwa a Gulupu n'kufunsa kuti njovu ikabwerera pa mpanda wa mnzawo imapita kuti, ngati si m'munda mwawo iwo amene alibe ndalama ya tsabola, ndiponso kuti chimanga chimene chinadyedwa chaka chatha adzalipira ndani. Anthu akuwomba m'manja, ndipo kuchokera apa maphunziro akutsata funso lawolo. Pa za chipukutamisozi mlangizi akuyankha mwaulemu kuti nkhaniyo ili pamwamba pa udindo wake, ndipo chimene angathe ndi kulemba dandaulolo ndi kukalitula kwa akuluakulu. Koma pa funso loyamba bamboyo akunena zoona, ndipo kubisa zimenezi kungakhale kunamiza mudzi: mpanda wa tsabola suchepetsa njala ya njovu, umangoipatutsa, choncho munda umodzi wozingidwa pakati pa minda yosazingidwa umasamutsira vuto kwa mnansi. Cholinga cha pulogalamu chimawerenga mabanja, pamene njovu imaona mzere wonse wa minda ndi kufunafuna pamene pali mpata. Chanzeru ndi chakuti eni minda yoyandikana amange mpanda umodzi wautali kumbali ya paki, agawane masiku opaka ndi olondera, ndipo amene minda yawo ili m'kati athandize ndi tsabola, popeza nawonso akutetezedwa ndi mpanda womwewo.

Za mtengo wa tsabola yankho lake lili m'munda momwemo, chifukwa njovu sizikonda mbewuyi, ndipo mizere ingapo yodzalidwa m'mphepete imapereka wopaka chaka chamawa ndi wina wogulitsa. Vuto ndi la chaka chino chokha, pamene tsabola wodzalidwa tsopanoyo sanache, ndipo oyilo ayenera kukapemphedwa kwa amakanika ndi eni zigayo. Mayi wina akufunsa za ming'oma ya njuchi, imene Lucy King anaiyesa ku Kenya ataona kuti njovu zimathawa kulira kwa njuchi. Njirayo imagwira ntchito ming'oma ikakhala ndi njuchi, koma yasiyidwira msonkhano wina. A Gulupu agamula kuti nyakwawa iliyonse ilembe maina a eni minda ya m'malire motsatana ndi mmene mindayo yandandalikirana, ndipo bambo wofunsa uja aikidwa m'komiti yoyendera zingwe mvula ikagwa.