MSONKHO WA IRPS: AMAUIKA NDANI, NANGA VOTI YANU IKULOWA PATI?

Sindinabwere ndi cipani, sindinabwere ndi nsalu zogawa. Ndabwera ndi nkhani imodzi, nkhani ya msonkho.

Mawu amenewa ali ndi mbiri yowawa. M'nthawi ya Apwitikizi agogo athu ankalipira msonkho wa nyumba, ndipo wolephera ankagwidwa kupita ku cibalo. Ambiri anathawira ku Nyasaland. Palibe anawafunsa maganizo. Lero malamulo akulu a dziko, a caka ca 2004, pa artigo 100 ndi 127, akunena kuti msonkho umaikidwa kapena kusinthidwa ndi lamulo basi. Opanga malamulo ndi madeputado 250 a Assembleia da República ku Maputo. Owatumiza kumeneko ndinu.

IRPS NDI CIANI?

Ndi msonkho wa pa ndalama zimene munthu payekha wapeza: malipiro a pa nchito, phindu la geni, lendi ya nyumba. Unayamba mu 2003. Otolera ndi Autoridade Tributária, ndipo wolipira aliyense amadziwika ndi nambala yake ya NUIT. Kwa mphunzitsi, namwino kapena wapolisi, msonkho umadulidwa malipiro asanafike m'manja.

Lamulo 33/2007 linagawa ndalama za pa caka m'magawo asanu:

Kufika 42,000 MT: 10 pa 100 iliyonse
Kuposa 42,000 kufika 168,000 MT: 15 pa 100
Kuposa 168,000 kufika 504,000 MT: 20 pa 100
Kuposa 504,000 kufika 1,512,000 MT: 25 pa 100
Kuposa 1,512,000 MT: 32 pa 100

Kenako Lamulo 20/2013 linanena kuti 225,000 MT zoyamba pa caka zisakhudzidwe. Magawo aja amayamba kuwerengedwa pa ndalama zopitirira apo. Pa malipiro a pamwezi, malire anaikidwa pa 20,250 MT: wolandira zocepera apo sadulidwa kanthu.

TIYENI TIWERENGE LIMODZI

Mphunzitsi wina anandiuza kuti amaopa kukwezedwa pa nchito, ati akalowa gawo lapamwamba msonkho udzadya zonse. Amenewo ndi mantha cabe. Ganizirani makwerero a nkhokwe. Mukaponda pa citatu, ca pansi sicisuntha, cimakhala pomwepo.

Titenge munthu amene wapeza 325,000 MT pa caka. Ticotse 225,000 zosakhudzidwa, zatsala 100,000. Pa 42,000 zoyamba alipira 10 pa 100, ndiye 4,200. Pa 58,000 zotsala alipira 15 pa 100, ndiye 8,700. Zonse pamodzi 12,900 MT, asanamucotsere kangacepe kamene lamulo limalola malinga ndi ana amene akulera. Taonani: wafika gawo la 15, koma pa ndalama zake zonse wapereka pafupifupi 4 pa 100. Mlingo wokwera umagwira ndalama za pamwamba zokha. Wopeza zambiri amapereka zambiri, koma sabwerera m'mbuyo cifukwa cokwezedwa.

"INE NDINE MLIMI, ZIKUNDIKHUDZA BWANJI?"

Funso labwino. Ambiri a ife timadalira cimanga, nyemba, kacewere, soya ndi fodya, ndipo phindu lathu silifika 225,000 pa caka. IRPS sitilipira. Koma musanene kuti simulipira msonkho.

Coyamba, pali IVA, msonkho wobisala mu mtengo wa katundu. Mukagula malata, simenti kapena kuika ndalama mu foni, mwalipira. Unali 17 pa 100, ndipo kuyambira Januwale 2023 unatsika kufika 16. IVA safunsa kuti ndinu wolemera kapena wosauka.

Caciwiri, pali msonkho wa pamutu. M'midzi, monga ku Dómuè ndi ku Calómuè, ndi Imposto de Reconstrução Nacional, umene mafumu amathandiza kutolera. Mu vila ya Ulónguè, imene inakhala município mu 2008, ndi Imposto Pessoal Autárquico.

Cacitatu, a geni yaing'ono ali ndi ISPC, umene unakhazikitsidwa mu 2009 pa mlingo wa 3 pa 100 ya zogulitsa. Mu Disembala 2025 madeputado anakonzanso malamulo angapo a misonkho, kuphatikizapo umenewu. Conco inu a mabanka ndi magolosale, pitani ku ofesi ya misonkho mukafunse gawo lanu musanalipire.

Ndalama zonsezi ndi zimene zimalipira mphunzitsi wa mwana wanu, mankhwala a kucipatala ndi msewu umene galimoto imadzera kudzanyamula kacewere. Ife a m'malire tikaona kuti kucipatala kulibe mankhwala timangowoloka kupita ku Dedza kapena ku Lizulu, n'kukhala cete. Koma ndalama yanu inapita ku Maputo, ndipo kumeneko ndi kumene muyenera kufunsa.

MAFUNSO OFUNSA OPEMPHA VOTI

Pa cisankho ca madeputado timavotera cipani, ndipo cipani cimakhala ndi mndandanda wa anthu ake a provinsiya ya Tete. Akabwera kudzacita msonkhano, musangoimba ndi kuvina. Imikani dzanja mufunse:

1. Malire a 225,000 MT anakhala zaka zoposa 10 osasuntha, pamene mtengo wa feteleza, sopo ndi mafuta unakwera. Cipani canu cikuti bwanji?
2. Mukalonjeza kutsitsa msonkho, ndalama za sukulu ndi cipatala mudzazitenga kuti?
3. Mukalonjeza msewu ndi mlatho, adzalipira ndani: wa malipiro, wa geni, kapena makampani akulu monga a malasha ku Moatize?
4. Mudzabwera liti kudzatiuza mmene munavotera pa bajeti ya dziko?

Amene akwiya ndi mafunso otere wakuyankhani kale.

ZOTI MUKUMBUKIRE

Musalipire msonkho uliwonse popanda lisiti. Wina akakuuzani kuti mukavotera cipani cakuti msonkho wanu udzakwera inu nokha, akunama: lamulo ndi limodzi kwa onse, ndipo voti ndi yacinsinsi. Sungani bwino cartão yanu yovotera, ndipo a STAE akatsegula kalembera pitani msanga, mutenge ndi ana anu amene akwanitsa zaka 18. Cisankho ca dziko lonse cinacitika pa 9 Okutobala 2024, ndipo cimabwera zaka zisanu zilizonse. Nthawi yokonzekera mafunso ndi ino.

Kapepala aka musakulungire fodya. Kawerengereni anzanu amene sadziwa kuwerenga, ku chalichi, ku cigayo ndi pa mjigo.