Ukwati wa ku Verona udalibe nkhoswe

 Inu ana athu amene mukumanga banja, za m'nyumba anamkungwi akuuzani kale, za kumpingo abusa anena. Ine ndikamba za ukwati wina, wa ku Verona, umene sudathe ngakhale sabata imodzi. Amene mudakhala m'kalasi pa Kongwe paja ku Robert Blake, ku Madisi kapena ku Mponela mukuudziwa, chifukwa sewero la William Shakespeare la Romeo and Juliet, losindikizidwa koyamba mu 1597, lidakhalapo pa mayeso a MSCE, ndipo Stanley Onjezani Kenani adalimasulira m'Chichewa. Anthu akamaliza kuliwerenga amagwedeza mutu n'kunena kuti fulumira adadya gaga, ana aja adadzipha okha ndi phuma. Ine mlanduwo ndimauona mwina. Kukondana msanga sikudawaphe ayi. Chidawapha n'chakuti tsiku limene zinthu zidavuta, padalibe munthu wodziwika kumbali zonse ziwiri woti anyamule nkhani yawo, ndipo akuluakulu amene adali pafupi adathamanga kuposa anawo.

Sindikukana kuti phuma lidalipo. Romeo adalowa pa phwando la a Capulet Lamulungu usiku mtima uli pa mtsikana wina, Rosaline, koma potuluka n'kuti akufera Juliet, ndipo Lolemba masana adali atakwatirana. Juliet adali asanakwanitse zaka 14. Kuno kwathu ukwati wotero ndi mlandu: lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti pasakhalenso mpata woti makolo avomereze ukwati wa mwana. Choncho wina asachoke pano n'kumati mkulu uja amayamikira ana kukwatirana mobisa. Komatu taonani amene adalola kuti zitheke. Wansembe Laurence, munthu wamkulu wodziwa bwino udani wa banja la Romeo, la Montague, ndi la Juliet, la Capulet, adadalitsa ukwatiwo mseri tsiku lomwelo, poganiza kuti ugwirizanitsa mabanja awiriwo. Adatenga ana kukhala mankhwala a mkangano wa makolo, makolowo osadziwa kanthu. Kumpingo kwathu kuno ukwati amaulengeza milungu ingapo usanachitike, ndipo achinyamata amadandaula kuti n'kuchedwetsa zinthu. Kulengezako ndiko kumapatsa mpata aliyense wodziwa chovuta kuti alankhule zinthu zisanafike poipa.

Nanga bambo ake a Juliet? Poyamba adalankhula ngati munthu wanzeru: mwamuna wina, Paris, atadzafunsira Juliet, adamuuza kuti adikire zaka ziwiri mwana akhwime. Koma Tybalt, mbale wa Juliet, atangophedwa, maliro asanazizire n'komwe, bambo yemweyo adalamula kuti ukwati ndi Paris ukhale Lachinayi. Mwana atakana, adamutukwana n'kumuopseza kuti amupitikitsa pakhomo akafere kumsewu, ndipo atanamizira kuvomera, bamboyo mwa chisangalalo adaubweza ukwatiwo kuti ukhale Lachitatu. Tsiku limodzi lomwe adadulalo lidachepetsa nthawi yoti uthenga wa wansembe ufike kwa Romeo ku Mantua kumene adathawira. Mayi ake a Juliet adangoti asambapo m'manja. Mlezi amene adayamwitsa Juliet, yemwenso ankanyamula mauthenga a chibwenzicho, adamulangiza kuti angokwatiwa ndi Paris ngati kuti ukwati woyamba uja kudalibe. Wansembe uja adapatsa Juliet mankhwala ogonetsa munthu maola 42 ngati wakufa, m'malo mopita kwa makolo kukaulula chimene iye mwini adachita, ndipo kumanda kuja atamva alonda akubwera adathawa, kumusiya mwana yekha pambali pa mtembo wa mwamuna wake. Timati mawu a akulu akoma akagonera, ndipo n'zoona. Koma ku Verona mawu a akuluwo sadagonere ngakhale usiku umodzi.

Wina anena kuti ndikukometsa ana, poti amene adapha Tybalt ndi Romeo, amene adagula poizoni ku Mantua ndi Romeo, palibe adamugwira dzanja. Ndikuvomera, ndipo apa mpamene nkhaniyi ikukukhudzani inu mwana wathu wamwamuna. Mnzake Mercutio atabayidwa, Romeo adabwezera nthawi yomweyo, patangopita maola ochepa chikwatirireni, osaganiza kuti amene akumubayayo ndi mbale wa mkazi wake. Mnyamata wake wantchito Balthasar atabwera ndi uthenga woti Juliet wamwalira, sadafunse wina aliyense. Balthasar sadaname, adanena zimene maso ake adaona, kungoti zimene adaonazo sizidali nkhani yonse. Kalata yofotokoza zoona idatsakamira m'njira, chifukwa wansembe John amene adaitenga adatsekeredwa m'nyumba poganiziridwa kuti wakhudzana ndi mliri. Masiku ano kalata sitsakamira, koma vuto lakula: uthenga wa theka umafika pa foni msanga kuposa uthenga wathunthu. Mwamuna ali ku Joni kapena ku Kanengo kokagulitsa fodya, wina n'kumutumizira pa WhatsApp kuti akazi anu tawaona pa Mponela ali ndi uje. Mkazi ali pakhomo, wina n'kumuuza kuti amuna anu ndalama za soya akudyera kwina. Mwina woonayo adaonadi. Koma chogamula mutakwiya, kapena muli ndi mantha, chiyambe chagona, ndipo chidutse m'makutu a munthu wachitatu musanachite kanthu.

Munthu wachitatuyo makolo athu adamuika kalekale, ndiye nkhoswe. Shakespeare nkhaniyi adaitenga mu ndakatulo ya Arthur Brooke ya mu 1562, mmene zinthu zimatenga miyezi ndipo mlembi m'mawu ake oyamba amadzudzula anawo kuti sadamvere makolo. Shakespeare adaipanikiza m'masiku ochepa, n'kumuchepetsanso Juliet zaka, ndipo potero adaonetsa poyera kuti mwana wotere sakadasenza yekha zimene akulu adamusenzetsa. Wansembe ndi mlezi ankadziwa chinsinsi, koma sadali ankhoswe, chifukwa nkhoswe imadziwika. Imaima pamaso pa mbumba ziwiri, ndipo zikavuta ilibe kothawira, popeza mudzi wonse ukudziwa kuti ukwati uwu adaumanga ndi uje ndi uje. Pakadakhala munthu wotero, bambo Capulet sakadakonza ukwati wachiwiri wa mwana amene adali kale pabanja, ndipo mankhwala ogonetsa aja sakadafunika. Anthu asanu ndi mmodzi adafa, kuphatikizapo mayi ake a Romeo amene adafa ndi chisoni, ndipo makolo adagwirana chanza mitembo ili pansi, n'kulonjezana zoumba mafano a golide. Ena amati lidali tsoka lolembedwa kale. Tsoka lokhalo limene ndikuliona m'nkhaniyi ndi mliri udatsekereza kalata uja. Zotsalazo zidali zosankha za anthu.

Palinso chodandaula china chimene achinyamata a masiku ano amanena, ndipo sindichipeputsa. Amati ankhoswe ena ndi amene amapasula mabanja: amakondera mbale wawo, amatenga za m'nyumba n'kukazimwaza pa mjigo, ndipo ena mkazi akabwera ndi zipsera amangomuuza kuti banja ndi kupirira. Zimachitikadi, ndipo mlezi wa Juliet uja ndi chitsanzo cha mlangizi amene amangoyang'ana chophweka. N'chifukwa chake ankhoswe amakhala awiri, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi, kuti wina akakhota mnzake amuwongole, ndipo pamwamba pawo pali malume, mfumu ndi akulu a mpingo. Sindikuti kasinthidwe kalikonse ka nkhope muzikathamangira nako kwa ankhoswe. Ndiwo zikapsa kapena mchere ukachepa, kambiranani nokha. Koma nkhani ya kugulitsa munda, ya ngongole yaikulu, ya kuganizirana chibwenzi, ya kulongedza katundu, isathere pakati pa anthu awiri okwiya. Ndipo kumenya si nkhani yopirira, inu mwana wathu wamkazi: dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja chiyambire 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Tsono kwa inu makolo ndi ankhoswe, popeza mlandu waukulu ndauika pa akulu. Ngati pakati pa mabanja anu pali kamkangano kakale kalikonse, kaya ka malire a munda kaya mawu adalankhulidwa pa maliro, kathetseni nokha, ana awa asakhale mkhalapakati wanu. Mwana akabwera kudzadandaula, musayankhe tsiku lomwelo. Itanani mnzanu wa mbali inayo mumve zonse. Ndipo musadikire kuitanidwa. Pofika nthawi yokolola, ndalama zoyamba za banjali zisanalowe m'nyumba, ankhoswe nonse awiri mukawayendere limodzi, mukhale pansi, muwafunse mmene agwirizanirana za kagwiritsidwe kake.